Ziwala za ku Beira

Kuseri kwa msika wa Limbe, ukadutsa pomwe amagulitsa matayala akale, pali kakhonde kamene nthawi ya nkhomaliro kamadzaza ngati minibasi ya ku Bangwe. Chikwangwani palibe. Pali mbaula zitatu, benchi imodzi yopendekeka, ndowa ya madzi osamba m'manja, ndi mayi wina wa ku Nsanje amene mthiko wake sudziwa tchuthi. Anthu amangoti "kwa Mayi." Ine chimene chinandifikitsa pamenepo Lachiwiri lija si njala ayi, koma thalauza. Zipi inali itakana, ndipo atelala amene amasokera kumapeto kwa khonde lomwelo anati ndidikire pang'ono. Pang'ono wa atelala mukumudziwa. Ndinakhala pa njerwa, khutu ndinalisiya poyera.

Dzuwa lili paliwombo anatulukira bambo wina wamimba yake, jekete yonyezimira ili paphewa, makiyi akulira m'chiuno. Onse anamulandira ndi dzina limodzi: adalaivala. Amayendetsa thiraki ya feteleza kuchokera ku doko la Beira, ndipo anali atasowa milungu itatu. Asanasambe n'komwe m'manja anaika jumbo yakuda pabenchi. Ntchentche zonse za pakhondepo, zimene zinali pa ntchito zina, zinasiya ntchitozo n'kupita kukaona.

"Adalaivala, mwatitengera maliro a chiyani?" anafunsa mnyamata wa kabaza, mbamu ili m'manja.

"Tsegula uone, mphwanga. Kuyenda n'kuona."

Mnyamatayo anamasula ndi zala ziwiri ngati akuopa kulumidwa. M'katimo munali tinthu touma, tofiirira, topindika ngati chala cha khanda, tili ndi ndevu zazitali ndi timaso takuda totuluka kunja.

"Ziwala!"

"Ziwala zake zopanda mapiko?"

"Ndiye anazithothola."

Adalaivala anaseka mpaka makiyi anagwedezeka. Anati ameneyo ndi kamarawu, wa m'nyanja yamchere, ndipo wouma chonchi ndi wa anthu wamba, wotsika mtengo, wogulidwa pa mulu ngati bonya. Weniweni, anatero, ndi wamuwisi, wotalika ngati chikhatho, amene sitima zimakakoka kunyanja ya ku Sofala n'kumutumiza ku Ulaya ali m'madzi oundana. Mayi sanayankhule. Anatola kamodzi, anakanunkhiza, anakabwezera, n'kubwerera ku mphika wawo. Koma ndinaona kuti anayang'ananso jumboyo kawiri.

Munthu wochokera kutali salipira nsima ndi ndalama zokha, amalipiranso ndi nkhani. Adalaivala anayamba ndi msewu, monga amachitira madalaivala onse. Anatchula Mwanza ndi Zóbuè, kumene mapepala amadya tsiku lonse. Anatchula Tete, kumene dzuwa limaotcha ngati unalilakwira, ndi mlatho wa Kassuende umene anautsegula mu 2014, womwe mathiraki amawolokerapo Zambezi. Kenako Changara, Catandica, Vanduzi, Chimoio, Inchope, Dondo, mpaka Beira, makilomita 800 ndi kanthu. Ku doko anadikira masiku angapo kuti apakire. Munthu ukatopa ndi kudya buledi ndi nyemba pansi pa thiraki umayamba kumvera malangizo a anthu, choncho mnzawo wa kumeneko, wokonza mapepala a katundu, anawatengera ku Macuti, kufupi ndi nsanja yakale younikira sitima, kumene kuli timalo todyera ta m'mphepete mwa nyanja.

"Choyamba chondizunguza mutu si chakudya," anatero. "Ndi madzi. Tafika masana, nyanja palibe. Yathawa. Kwatsala matope, amayi akutolatola zinthu m'menemo. Tikumaliza kudya, ndikutembenuka, nyanja ija yabwerera, ikumenya pakhoma."

"Bodza ilo," anatero atelala, osadzutsa mutu pa makina. Iwo ndi a ku Mangochi, mwana wa msodzi, ndipo pa nkhani za madzi salola kuti wina awapose. "Nyanja imaphwa pa chaka, osati pa nkhomaliro."

Koma adalaivala sananame. Nyanja yamchere imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku chifukwa mwezi umaikoka, ndipo ku Beira kusiyana kwake kumafika mamita 6 pa masiku amene madzi akwera kwambiri. Mzindawo, womwe uli pansi ngati dambo, unazunzika koopsa pamene namondwe Idai anagwa mu March 2019. Ndinafuna kuwathandiza adalaivala pa mfundoyi, koma thalauza langa linali m'manja mwa mdani wawo. Ndinakhala chete.

Mbale itafika, anapitiriza adalaivala, munali akamarawu asanu ndi mmodzi, ong'ambidwa kumsana, ootchedwa pa makala, akununkhira adyo, ndimu ndi tsabola. Pambali panali tchipisi. Iwo anayang'ana uku ndi uku, anaona kuti palibe wowauza poyambira, ndiye anachita monga amachitira ndi chiwala: anatenga mmodzi, anayambira kumutu, n'kutafuna zonse. Chikamba, miyendo, ndevu.

"Ndevu imodzi inakaima pakhosi ngati wapolisi wa pamsewu. Kutsika ayi, kubwerera ayi."

Mayi woperekera zakudya, atawaona akutsokomola misozi ili mbwembwembwe, anabwera akuseka, n'kuwalankhula m'Chisena. Apa Mayi athu a ku Nsanje anatembenuka, chipande chili m'mwamba.

"Anati chiyani?"

"Ndinamva theka. Koma manja ake ndinawamva onse."

Anawaonetsa: upotokola mutu, usenda chikamba kuyambira kumimba, ugwira kumchira, mnofu woyera utuluka wonse. Mutu suutaya, umauyamwa, chifukwa mafuta onse okoma amabisala m'menemo. Kamzere kakuda ka kumsana ndi matumbo, ophika bwino amakachotsa asanaotche. Ndipo pamoto sakhalitsa. Ali wamuwisi amakhala wotuwa, akangofiira basi wapsa, ukachedwa pang'ono umadya lamba wa njinga.

"Safunsa anadya phula," anatero bambo wina wachikulire wokonza mawotchi, amene amadya yekha pakona, thaye ili pakhosi ngakhale kutenthe bwanji.

"Phula likanakhala bwino, akulu. Phula lilibe ndevu."

Tsiku lachiwiri, poti manyazi anali atatha, adalaivala anabwererako okha. Analawa nkhanu yophikidwa mu msuzi wa kokonati, yomwe amakupatsa ndi kamtengo koswera, ndipo anati ntchito yake ndi yambiri kuposa malipiro: umaswa, umakumba, umayamwa, pomaliza njala ili pomwepo koma malaya atha. Analawa tinkhono ta zikamba ziwiri timene amayi aja amatola m'matope, ndipo anaphunzira lamulo lake, lakuti kamene sikanatsegule pakamwa pophika usakakakamize, katayeni, kanafa kale. Kenako anatchula chinthu chimene Apwitikizi amati polvo.

"Mutu ngati chibaluni. Miyendo isanu ndi itatu, uliwonse uli ndi timabatani tomata. Fupa palibe ngakhale limodzi. Mitima itatu. Magazi ake si ofiira, ndi obiriwira ngati inki ya kusukulu. Asanachiphike amachimenya kaye kuti chifewe, kenako chiwire nthawi yaitali, ndiye achiotche."

Pakhonde panagwa bata. Mnyamata wa kabaza anabweza mbamu m'mbale.

"Adalaivala, chimenecho si ndiwo. Chimenecho n'chizimba."

Anthu anaseka mpaka wina anatsamwa. Koma ine ndinamuyang'ana mnyamatayo. Kalankhulidwe kake n'ka ku Ntcheu, ndipo aliyense amene anayendapo pa msewu wa ku Lilongwe nthawi yokolola itatha amadziwa zimene anyamata a kumeneko amaimika pa timitengo m'mbali mwa msewu. Adalaivala nawo anali ataganiza zomwezo.

"Iwe, si iwe unabwera ndi mbewa pano chaka chatha? Ndi ubweya womwe, ndi mchira womwe?"

"Mbewa ili ndi nkhope, adalaivala. Umadziwa kuti kutsogolo ndi uku, kumbuyo ndi uku. Chanucho mukachiika m'mbale chimayang'ana kuti?"

Yankho limeneli ndalisinkhasinkha masiku angapo ndipo sindinalipezere potsutsa. Ife timadya ngumbi zongothothoka mapiko, mphalabungu, matondo, nkhululu zokumba pansi, bwannoni wa m'nyengo yake. Anzathu a ku Nkhata Bay ndi ku Likoma amakola nkhungu, touluka tija timatuluka m'nyanja ngati utsi, n'kutiumba zikondamoyo zakuda. Zonsezi palibe amene amazifunsa kuti zikuyang'ana kuti. Nseru imabwera ndi chimene agogo ako sanakuikirepo m'mbale, basi. Nkhanu zili mbwee m'mitsinje yathu ndi m'miyala ya kunyanja, koma ambiri timaziona ngati zoseweretsa ana.

Apa atelala anaimitsa makina. Akaimitsa makina ndiye kuti kukubwera ulaliki.

"Inu mwayenda, sitikukana. Koma nsomba ndi chambo. Zinazi ndi tizilombo ta m'madzi. Ine cha m'nyanja yamchere sichinalowepo m'kamwa mwanga, ndipo sichidzalowa. Madzi oti munthu sungamwe, chotuluka m'menemo ndidye bwanji?"

Anafotokoza chambo monga munthu amafotokozera mkazi amene anamukana kalekale. Chongovuulidwa kumene, maso ali gwa ngati galasi, kunsi kwa mutu komwe chimapumira kuli kofiira, mnofu ukaudina ndi chala ukubwerera. Uchipala mamba, uching'amba kumsana, mchere pang'ono, pamakala a moto wofatsa. Osati adyo, osati zokometsera za m'mabotolo, chifukwa chambo sichifuna womuyankhulira. Kapena cha msuzi: tomato, anyezi, madzi pang'ono, osavundula ndi chipande koma kugwedeza mphika wokha kuti chisaphwanyike. Ndipo mutu ndi wa mwini nyumba. Mlendo wodya mnofu n'kusiya mutu, atelala anati, ameneyo sumuitananso.

Anapitirira mpaka ku zina: kampango wowamba amene mafuta ake amadontha pamoto, mcheni, utaka, mpasa wokwera mtsinje wa Bua kukaswana, usipa wofutsa wa pa thandala. Anafotokoza mmene chambo chachikazi chimasungira mazira ndi ana m'kamwa, osadya, mpaka atakula pothawa adani. Mawu awo anafewa.

Mayi anawadikira amalize. Kenako, akupakula nsima ya munthu wina, anafunsa osawayang'ana:

"Achimwene, chambo chimenechi munachidya liti komaliza?"

Atelala anayang'ana kudenga. Anawerenga ndi milomo.

"Pa ukwati wa mwana wa mchemwali wanga."

"Mwana uja pano ali ndi ana awiri."

Panalibe woseka kwambiri, chifukwa funsolo linalasa aliyense. Chambo chimene timachitchula ponyadira dziko, ambiri a ife timangochiona m'mafiriji a m'masitolo, kapena chitapachikidwa pa galasi la galimoto ya bwana wochokera kunyanja. M'zaka za m'ma 1980 nyanja ya Malombe ndi kumwera kwa nyanja ya Malawi zinkatulutsa chambo chochuluka, kenako chinagwa, ndipo Malombe anasanduka nyanja ya kambuzi. Mu 2018 bungwe la IUCN linaika mitundu itatu ya chambo pa mndandanda wa zamoyo zotsala pang'ono kutheratu. Atelala zifukwa amazidziwa kuposa mabuku: makoka a maso ang'onoang'ono okokolola kasawala, chambo chisanakule, maneti a udzudzu amene anapita kunyanja m'malo mwa kuchipinda, anthu opha nsomba mu November ndi December, nyengo yotseka, pamene chambo chili ndi ana m'kamwa. Anatchula chilumba cha Mbenje ku Salima, kumene a Senior Chief Makanjira ndi anthu awo amatseka usodzi miyezi ya dzinja mwa lamulo la makolo kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ndipo akatsegula nsomba zimapezeka zokhwima. "Kumeneko mfumu ikati tseka, ndi tseka," anatero. "Kwina konse lamulo limagona, ukonde uli maso."

Onjezani kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, muona chifukwa chake pa mbale khumi za pakhondepo, zisanu ndi imodzi zinali za bonya.

Nthawi yonseyi panali mtsikana wina amene anafika mochedwa, wovala bwino, foni ili pa kamtengo. Anali ataitanitsa nsima ndi nsomba yokazinga koma sankadya. Ankaizungulira mbaleyo ndi foni ngati sing'anga pa wodwala. Mnyamata wa kabaza anandinong'oneza kuti ameneyo amayenda m'malo odyera, kujambula, n'kuika pa TikTok ndi pa Facebook, kumapereka malikisi.

"Asisi, nsima ikuzizira," anatero Mayi.

"Ndikudya, amayi. Ndingotenga kaye kuwala."

Atafunsidwa, sanachite manyazi. Anati wadya m'mahotela a mu Blantyre, m'malo ogona alendo a ku Cape Maclear ndi ku Senga Bay, ndipo kamarawu wa adalaivala anamulawapo mumzinda momwemuno, wochokera mufiriji, anayi okha pa mbale yaikulu ngati thireyi, pa mtengo woti kwa Mayi ungadye mwezi wathunthu. Amayang'ana zinthu zingapo: ukhondo, kaikidwe ka chakudya m'mbale, liwiro la operekera, malo okhala, ndi ngati pali pepala la zakudya ndi mitengo yake.

"Ndiye pano mutipatsa angati?"

Mtsikanayo anayang'ana benchi yopendekeka, utsi, ntchentche za pa jumbo ya adalaivala.

"Kukoma sindinalawe. Koma malo... anayi pa khumi."

Mkangano umene unabuka apa unaposa wa nyanja yothawa. Aliyense anali ndi muyeso wake, ndipo panalibe ngakhale umodzi wofanana ndi wa mtsikanayo. Wa kabaza anati malo odyera umawadziwa ukapempha msuzi woonjezera: ena amakuthira, ena amakuyang'ana ngati wapempha mwana wawo. Wonyamula katundu wina anati iye amayesa ndi nthawi imene njala yabwereranso. Nsima ya malo ena imakuperekeza pa geti pokha n'kubwerera. Adalaivala, amene adya m'misewu ya mayiko anayi, anati lamulo lawo ndi limodzi kuyambira Limbe mpaka Beira: idya pamene pali mzere, chifukwa mphika wothamanga sugoneka ndiwo, ndipo pa za m'nyanja yamchere lamulolo ndi la moyo ndi imfa, poti nkhanu ndi kamarawu zikagona kunja kwa ayezi zimakutembenukira m'mimba usiku womwewo. Bambo wa mawotchi anati iye amayang'ana madzi osamba m'manja: ngati akuthirira kuchokera m'jagi, ofunda, khala pansi, ngati onse akuviika m'beseni limodzi, lonjera n'kupita. Kolera wa 2022 ndi 2023 anatiphunzitsa zimenezo ndi maliro.

Atelala anadikira onse atope.

"Pa 25 mwezi, thumba litauma, malo ako a malikisi khumi angakulembe m'kope?"

Mayi anamenya chipande pa mphika. "Za kope musazitchule pa foni, achimwene. Dzina lanu lili pa masamba atatu."

Mtsikanayo anaseka, anaika foni pansi, anasamba m'manja n'kuyamba kudya. Ndiyenera kumuchitira chilungamo: ankadya ngati munthu woleredwa, kutema mbamu yaing'ono, kuiumba, kuchotsa minga ndi zala. Atadya theka la nsombayo anafunsa kuti ndi nsomba yanji.

"Karapau," anatero Mayi. "Yemweyo akudya atelalayo. Tsiku lililonse ndi ameneyo, bonya amati amawakwiyitsa m'mimba."

"Ameneyu ndiye nsomba ya amphawi yaulemu," anavomereza atelala, akuyamwa mutu. "Minga yochepa, mnofu wambiri. Si chambo, koma amayesetsa."

"Amachokera kuti?"

"Ku Mozambique. Amalowera ku Mwanza ndi ku Muloza."

"Ku Mozambique kwake, m'madzi ati?"

Atelala anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Anati mwina ku Cahora Bassa, komwe kumachokera kapenta. Adalaivala anayamba kumwetulira pang'onopang'ono ngati munthu amene waona wapolisi akugwa m'matope. Sananene kanthu. Anangoloza katoni imene Mayi amakupizira moto, yong'ambika, yakuda ndi utsi mbali imodzi. Mtsikana uja anaitola, anaitembenuza, n'kuwerenga mokweza zimene zinalembedwapo: Walvis Bay, Namibia.

Karapau ndi nsomba ya m'nyanja yamchere ya Atlantic. Sitima zikuluzikulu zimamukoka m'madzi ozizira a kugombe la Namibia, kumuumitsa ndi chisanu m'makatoni, ndipo amayenda pa mathiraki ndi pa sitima kupita ku Mozambique, Zambia, Congo ndi kuno. Dzina lokhalo ndi limene analitola kwa Apwitikizi panjira. Atelala, amene cha m'nyanja yamchere sichinalowepo m'kamwa mwawo, anali ndi mutu wake pakati pa mano.

Anautulutsa. Anauyang'ana. Mutuwo nawo unawayang'ana.

"Komatu samveka mchere," anatero motsitsa.

"Mcherewo ndimathira ndine," anatero Mayi.

Zipi yanga tsiku limenelo sinasokedwe. Atelala anati mutu wawo sunali bwino, ndibwere Lachinayi. Ndikunyamuka ndinamva Mayi akufunsa adalaivala kuti jumbo ija akupita nayo kuti. Iwo anati kunyumba, koma akazi awo anawauza kale kuti chinthu chimenecho chikalowa pakhomo, iwo atuluka. Mayi anaitenga n'kuiika pansi pa tebulo. Anatuma mwana kuti akafunse amayi a ku Mulanje ogulitsa chinangwa ngati mawa angabweretse chigwada chanthete, ndiponso kuti akaone ngati mumsika muli kokonati.

Lachinayi ndinafika msanga, ndipo sindinamize kuti chinali chifukwa cha zipi. Ndinapeza Mayi ali pa mtondo. Anandiuza, poti ndinafunsa, kuti ndiwo imeneyi si yachilendo kwa iwo. Ali mtsikana, nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique imene inatha mu 1992, ku Nsanje kunadzaza anthu othawa kwawo, mpaka m'madera ena alendo anachuluka kuposa eni mudzi. Mayi wina wochokera kutsidya, amene ankakhala pafupi ndi kwawo, ndiye ankaphika chigwada mwa njira imeneyi akapeza zofunika, ndipo ankaitcha matapa. Kuchokera pamenepo Mayi anali asanaphikenso. Manja okha ndiwo ankakumbukira.

Anasinja chigwada ndi adyo mpaka chinasanduka phala lobiriwira. Anachiika pamoto ndi madzi ochepa, popanda soda, n'kuchisiya chiwire nthawi yaitali, chifukwa masamba a chinangwa ali ndi poizoni amene amatha ndi kusinja ndi moto, ndipo wofulumira pa chigwada amagoneka anthu. Anapala kokonati, anathira madzi ofunda, n'kufinya pa kansalu mpaka kutuluka madzi oyera ngati mkaka. Nsinjiro anasefa kawiri. Kamarawu uja anamuviika kuti mchenga ndi mchere zitsike, anadula ndevu ndi lumo la atelala, eni ake atapita kukagula ulusi, kenako anamukazinga pang'ono. Theka anasinja, theka anasiya wathunthu. Zonse zinakumana mumphika umodzi pa moto wofatsa, akuvundula kuti nsinjiro zisapserere pansi. Fungo limene Lachiwiri linkaitana ntchentche tsopano linkaitana anthu. Wogulitsa matayala anabwera kudzafunsa ngati kuli phwando.

Koma panali kamphika kena pambali, ka chigwada chomwecho, ndi chipande chakechake. Bambo wa mawotchi atafika, Mayi anawatsogolera ndi mawu asanakhale n'komwe.

"Akulu, umu muli zija za adalaivala. Zanu ndi izi, sizinakhudzane."

Bamboyo ndi mkulu wa mpingo wa Seventh-day Adventist, ndipo amatsata Levitiko chaputala 11: cha m'madzi chikhale ndi zipsepse ndi mamba. N'chifukwa chake mlamba ndi kampango sadya, ngakhale atelala awanyengerere bwanji. Karapau anamufufuza kalekale n'kupeza kuti mamba ali nawo. Anagwedeza mutu mothokoza, anakonza thaye, n'kukhala pakona pawo. Mayi anachenjezanso wonyamula katundu uja kuti ayambe ndi pang'ono, poti adalaivala anati pali anthu ena amene zinthu zimenezi zimawatulutsa ziwengo ngakhale kuwatsekereza mpweya. Iye anati thupi lake linazolowera zoopsa kuposa pamenepo, koma ndinaona kuti anayamba ndi pang'ono ndithu.

Wa kabaza ananunkhiza, anafunsa ngati chamiyendo isanu ndi itatu chija mulibemo, analumbiritsa Mayi, ndiye anatema mbamu. Anatafuna nthawi yaitali, maso ali kumwamba.

"Chigwada chapita ku tauni," anatero. "Chabwerako chikuyankhula Chipwitikizi."

Ine ndinalawa. Kutendera kwake n'kwa kwathu, koma pansi pake pali kutsekemera kwa kokonati, ndipo pambuyo pake pamabwera kakomedwe kena kakuya, ngati ka usipa wouma koma konenepa, kamene kamatsala pa lilime nsima itapita kale. Ndikanakhala wopereka malikisi ndikanadandaula kuti mchere unapitirira pang'ono. Kamarawu wouma amabwera ndi mchere wake, ndipo dzanja la Mayi linazolowera karapau. Adalaivala anati ku Beira amadyera mpunga ndipo amathira nkhanu. Mayi anati ku Beira akaphike okha.

Mtsikana wa foni anabweranso, ndipo ulendo uno anayamba kudya, kujambula pambuyo, mbale ili theka. Anafunsa dzina la malowo kuti alembe. Mayi anati asalembe, chifukwa anthu akachuluka benchi ndi imodzi.

Atelala anakana. Anaitanitsa karapau wawo, mwina pofuna kuonetsa kuti nkhani ya katoni sinawagwetse, n'kukhala chofulatira mphika. Koma pakati pa chakudya anati nsima yawauma pakhosi, ndipo msuzi wa nsomba watha, ndiye ngati pali kamasamba kalikonse Mayi angowaikira pambali, kalikonse, iwo sasankha. Mayi anatumphula mumphika waukulu. Atelala anaona bwinobwino kuti chipande chachokera kuti. Anadya. Atamaliza anapukuta mbale ndi mbamu yomaliza, n'kunena kuti chigwada cha ku Mulanje chakhala chabwino chaka chino, mvula inagwa bwino.

Adalaivala ananyamuka cha m'ma 2 koloko, poti m'mawa mwake ankabwerera ku Beira. Mayi anawapatsa ndalama ya majumbo awiri ndi kokonati khumi, n'kuwauza kuti asankhe wopanda mchenga. Ali pafupi kukhota pa matayala paja, atelala anawaitana. Anatsegula kabati ya makina, anatulutsa kaphukusi ka nyuzipepala komanga ndi ulusi wakuda. Munali usipa wofutsa umene mlongo wawo anawatumizira kuchokera ku Mangochi.

"Mukapereke kwa mayi uja anakuphunzitsani kusenda ziwala. Akalaweko nsomba."

"Ndikanene kuti n'chambo?"

"Mukanene kuti ichi n'chikole. Chambo chikubwera."

Kenako anatembenukira kwa ine, anayang'ana thalauza langa limene linali pomwe ndinalisiya Lachiwiri, n'kundifunsa ngati Loweruka ndili ndi nthawi.